Mwana amene sangathe kukana sanavomere

Mwezi watha tinalandira makalata a chilolezo kuchokera kusukulu ina ya ku Angónia, kumene tikufufuza mmene ana amawerengera Chinyanja ndi Chipwitikizi. Kalasi yonse inavomera, osatsala ndi mmodzi yemwe. Anzanga anakondwa, koma ine ndikuona kuti vuto lagona pomwepo.

Mawu a m'kalatayo ndi abwino: mwana ali ndi ufulu wokana, ndipo angathe kusiya nthawi iliyonse. Cholakwika ndi njira imene inadzera. Anaigawa ndi aphunzitsi, omwewo amene amachonga mayeso ndi kunena amene akupita kalasi yotsatira. Mwana wa zaka 9, woleredwa kulandira chinthu kwa wamkulu ndi manja awiri, angawayankhe bwanji kuti "sindikufuna"? Makolo nawonso analandira pepala la Chipwitikizi chokhachokha, lochokera kusukulu. Ambiri anadinda chala monga amachitira polembetsa mwana. Kuwonjezera apo, tinalonjeza makope ndi zolembera kwa olowa m'kafukufuku okha. Kubanja losowa, kukana ndi kutaya kope.

Zimenezi n'zochititsa manyazi makamaka kwa ife. PEBIMO, imene inayesa kuphunzitsa m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza kuyambira 1993 mpaka 1997, inatsamira pa mfundo yakuti munthu amamva bwino m'chinenero chake. Ife tikufufuza zomwezo, koma chilolezo tikupempha m'chinenero chimene ambiri sachilankhula pakhomo.

Malamulo a ku Nuremberg a 1947 amayamba ndi mfundo yakuti chilolezo chikhale chochokera pansi pa mtima, popanda kukakamiza. Pangano la UN la ufulu wa ana la 1989, m'ndime 12, likuti mwana amvedwe pa nkhani zomukhudza. Chidindo cha kholo sichilowa m'malo mwa mawu a mwanayo.

Ndikupempha kuti tibwerere kusukuluyo. Afotokoze ndi wofufuza, m'Chinyanja, aphunzitsi atatuluka. Mwana aliyense afunsidwe payekha, ndipo aphunzitsi asadziwe amene wakana. Makope alandire ana onse. Makolo tikumane nawo pamaso, tiwauze poyera kuti kafukufukuyu sakhudza mayeso.

Ena adzakana, ndipo chiwerengero chathu chidzatsika. Tivomereze zimenezo, chifukwa pokhapo m'pamene tidzadziwe kuti otsalawo afuna okha.