Liwu la Pafupi ndi Khutu: Oimba Monong'ona ndi Kusintha kwa Makonda a Nyimbo

Pa mikangano ya nyimbo imene imabuka pakati pa mibadwo, wovuta kuuthetsa ndi wokhudza oimba amene m'Chingerezi amatchedwa ma crooner. Achikulire amati kuimba kunathera pa Nat King Cole, Frank Sinatra ndi Jim Reeves, ndipo zimene zatsalazi ndi phokoso chabe. Achinyamata amati nyimbozo n'zogonetsa tulo. Achinyamatawo sakuphonya kwenikweni, pakuti mneni croon amatanthauza kuimba motsitsa mawu, mong'ung'udza, monga achitira mayi potonthoza mwana kumsana. Koma mbali zonse ziwiri zimadumpha funso lofunika: kodi luso la kaimbidwe ka pansipansi kameneka linali pati?

Kaimbidweka kanabadwa ndi makina. Chisanafike chaka cha 1925, woimba ankafuulira m'lipenga lalikulu kuti mphamvu ya liwu lake igwedeze singano yolemba pa mbale, ndipo m'holo ankayenera kumveka mpaka ku mpando wotsiriza. M'chaka chimenecho makampani a Victor ndi Columbia anayamba kujambula nyimbo ndi magetsi, ndipo maikolofoni inachotsa kufunika kofuula. Bing Crosby atayamba kuimba pa wailesi ya CBS mu 1931, omvera anamva liwu la munthu wokhala ngati ali nawo m'chipinda chimodzi. Si onse anakondwera. Mu 1932 Kadinala William O'Connell wa ku Boston anadzudzula poyera kaimbidweka, nati n'konyansa ndiponso kosayenera mwamuna weniweni. Choncho nyimbo zimene lero zikuimira ulemu wa makedzana zinayamba ngati chipongwe cha achinyamata.

Phindu lenileni la maikolofoni linali pa chiyankhulo. M'Chingerezi maphatikizo ambiri amathera pa malembo opanda liwu, nthawi zina atatu kapena anayi ataunjikana. Woimba wofuula amakakamizika kukoka lembo la liwu ndi kumeza zotsalazo, kotero kuti nyimbo imamveka koma mawu amasowa. Woimba wa pafupi ndi maikolofoni alibe vuto limenelo: amatha kutchula liwu lonse mpaka kumchira, kupuma pamene chiganizo chapuma, ndi kutsindika pamene munthu woyankhula akanatsindika. Apa ndi pamene Sinatra anaposa anzake. Iye mwini ankanena kuti anaphunzira kusunga mpweya poonerera Tommy Dorsey akuliza thiromboni, pa zaka zimene ankaimba m'gulu lake, kuyambira 1940 mpaka 1942. Womvetsera chimbale cha In the Wee Small Hours, chimene anajambula mu 1955 mothandizana ndi Nelson Riddle, adzaona kuti Sinatra sapumira pamene mzere wa nyimbo wathera koma pamene ganizo lathera. Amatsalira pang'ono m'mbuyo mwa zida, ngati munthu amene akufunafuna mawu oti anene, kenaka n'kuzipeza zisanamusiye. Nyimbo inalembedwa ndi wina, koma imamveka ngati ikubadwa pakamwa pake nthawi yomweyo. Cole, amene anayamba ngati woliza piyano wa jazi, anali ndi njira ina: katchulidwe koyera, kosathamanga, phatikizo lililonse pamalo pake.

Nkhaniyi ili ndi mbali yake kwa oyankhula Chichewa. Phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu, choncho vuto lomeza mchira wa mawu kulibe. Vuto lilipo ndi la kukwera ndi kutsika kwa liwu, kumene kumasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika, kapenanso "ndimathandiza" wa masiku onse ndi "ndimathandiza" wa nthawi yapita. Kuimba kukayandikira kuyankhula, khutu limazindikira msanga pamene nyimbo yakweza phatikizo limene chiyankhulo chimatsitsa. Alick Nkhata, amene ankagwira ntchito pa wailesi ya ku Lusaka m'zaka za m'ma 1950 naimba m'Chinyanja ndi m'Chibemba, ndi chitsanzo choyenera kuchiphunzira pa mfundo imeneyi. Anali munthu wa maikolofoni, wodziwa kuti akuimbira banja lozungulira kawailesi kotsika mtengo konga sefuliya kamene kanayamba kugulitsidwa mu 1949, osati khamu la pa bwalo la gule.

Wailesi ndiyonso inabweretsa Jim Reeves m'nyumba za kuno. Reeves anachokera ku nyimbo za country, ndipo poyamba ankaimba mokweza monga anzake a ku Texas. Atatsitsa liwu n'kuyandikira maikolofoni, anapeza omvera kutali ndi kwawo. Anayendera South Africa mu 1962, anajambula nyimbo zina m'Chiafrikaans, ndipo atamwalira pa ngozi ya ndege mu 1964 nyimbo zake zinapitirira kumveka m'maiko ano kwa zaka makumi angapo. Ena amati chinakopa anthu ndi nyimbo zake zauzimu, ndipo n'zoona. Koma palinso chifukwa cha chiyankhulo: kwa munthu amene anaphunzira Chingerezi m'kalasi, Reeves anali woimba womveka liwu ndi liwu, wosafuna womasulira.

Kuyamikira kumeneku kusaphimbe zofooka. Nyimbo zambiri za ma crooner zinkangozungulira pa chikondi, kusungulumwa ndi mwezi, ndipo pambali pa ntchito zolimba za olemba monga Cole Porter ndi Johnny Mercer panali mulu wa nyimbo zozuna mopitirira muyeso. Kufatsa kwa liwu kunkabisanso nkhanza za nthawiyo. Mu 1956 Cole anamenyedwa ali pa nsanja ku Birmingham, m'chigawo cha Alabama, ndipo pulogalamu yake ya pa kanema wa NBC inatha mu 1957 chifukwa makampani akuluakulu sanafune kuikapo ndalama pa munthu wakuda. Amene amati nyengo imeneyo inali ya ulemu amakumbukira masuti ndi mataye, n'kuiwala zimenezi. Nayenso Sinatra, amene anakomoketsa atsikana m'zaka za m'ma 1940 makolo awo akudandaula, ananyoza nyimbo za rock and roll mu 1957 ndi ukali wofanana ndi wa Kadinala uja. Patangopita zaka zitatu analandira Elvis Presley pa pulogalamu yake.

Dandaulo lakuti makina aononga kuimba, limene limaloza Auto-Tune ya 1997, silingaime pa ma crooner, poti iwonso anali ana a makina. Dandaulo loyenera kulimvera ndi lina: m'nyimbo zambiri zovinira, mawu asanduka chimodzi mwa zida, ndipo chiganizo chimadulidwa pamene ng'oma yafuna. Kumeneko n'kutaya kwenikweni, ngakhale kuti kuvina nako kuli ndi malamulo ake amene Sinatra sakanawatha. Komabe kunong'ona sikunafe. Tony Bennett anafika pamwamba pa mndandanda wa zimbale ku America mu 2014 ali ndi zaka 88, ataimba ndi Lady Gaga. Billie Eilish, wobadwa mu 2001, amaimba motsitsa kuposa Crosby, mpweya wake ukumveka pakati pa mawu, ndipo omvera ake amamumvera pa timahedifoni tolowa m'khutu mwenimweni. Wophunzira amene amati Nat King Cole ndi wogonetsa tulo amakhala kuti usiku womwewo wagonera liwu lojambulidwa mwa njira imene Crosby anaitchukitsa pa wailesi kuyambira mu 1931.