MAINA A HOKUSAI: MOYO WA MMISIRI WOJAMBULA KUCOKERA PA UBWANA KUFIKIRA PA UKALAMBA

1.0 Mau Oyamba

Pali cithunzi cina ca ku Japan cimene cafika ngakhale kwa anthu osadziwa dzina la mwini wake. M'cithunzimo muli funde lalikulu lotambasula zala za thovu pamwamba pa ngalawa zitatu, ndipo phiri la Fuji likuoneka laling'ono patali. Kuyambira m'caka ca 2024 cithunzici cili pa ndalama yapepala ya 1,000 yen. Mwini wake, Katsushika Hokusai (1760-1849), anacijambula ali ndi zaka pafupifupi 70. Kuchuka kwa cithunzici kwacititsa ambiri kuona moyo wa mmisiriyu ngati phiri la nsonga imodzi: zaka zonse zoyamba nkukhala cikweza, zotsatira nkukhala mtsetse. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti kaonedwe aka nkolakwika, ndipo umboni wathu tiutenga m'maina amene iye anadzipatsa.

Tisanapite patali, tiyenera kumvana pa mau. M'Cinyanja mneni wakuti kujambula amagwira nchito pa cithunzi ca dzanja, ca kamera, ngakhalenso pa mau otengedwa pa tepi. Pano tikunena za nchito ya dzanja, ndipo tisiyanitsa mitundu iwiri: zithunzi zosindikizidwa ndi matabwa osema, ndi zithunzi zopaka ndi burashi pa pepala kapena pa nsalu ya silika.

2.0 Ubwana ndi Maphunziro

Hokusai anabadwira mu mzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo, ndipo dzina lake la paubwana linali Tokitarō. Malinga ndi kunena kwake, anayamba kujambula ali ndi zaka 6. Ali mnyamata anagwirako nchito m'nyumba yobwereketsa mabuku, kenaka, pa zaka pafupifupi 14, anayamba kuphunzira kusema matabwa osindikizira. M'caka ca 1778 analowa m'nyumba ya mmisiri Katsukawa Shunshō, amene anamupatsa dzina lakuti Shunrō. Tikaona maina awiriwa tipeza kuti cigawo coyamba ncimodzi, zimene zisonyeza kuti dzinali linali cizindikiro ca umwini: wophunzira anali wa mphunzitsi wake. Zithunzi zake za nthawiyi, zambiri za ocita masewero a kabuki, nzaukhondo, koma mau omveka m'menemo ndi a Shunshō.

Cimene ubwanawu unamusiyira ndico diso la wosema. Ali wokalamba kale, analembera makalata osindikiza mabuku ake kudandaula kuti osema ena ankasintha maso ndi mphuno za anthu a m'zithunzi zake kuti zifanane ndi za amisiri a nyumba ya Utagawa. Anapempha kuti nchitoyo ipatsidwe kwa Egawa Tomekichi. Munthu amene anagwirapo mpeni wosemera ankadziwa pamene mzere wake waphedwera.

3.0 Tanthauzo la Maina

Shunshō atamwalira m'caka ca 1793, wophunzira wake anayamba kusintha maina, ndipo onse pamodzi anapitirira 30. Kusintha dzina sikunali kwacilendo pakati pa amisiri a ku Japan, koma iye anaposa anzake. Ca m'ma 1795 anali Sōri. Mu 1798 anapereka dzinali kwa wophunzira wake nkukhala Hokusai. Ca m'ma 1810 anali Taito, ndipo ndi nthawi imeneyi pamene mabuku ake a zojambula ochedwa Hokusai Manga anayamba kutuluka, mu 1814.

Owerenga athu adziwa kuti pakati pa Acewa mnyamata akamera amalandira dzina latsopano, ndipo kumuitana ndi dzina la paubwana nkumunyoza. Dzina latsopano limanena kuti munthu wakale uja wapita. Kusiyana kwake nkwakuti kwathu dzina limaperekedwa ndi akulu pofuna kulengeza kuti mwana wakula, pamene Hokusai ankadzipatsa yekha, kambirimbiri, pofuna kulengeza kuti wayambanso. Izi zioneka bwino m'dzina la Iitsu limene anatenga mu 1820. Kalendala yakale ya ku Japan imazungulira zaka 60, ndipo wofika pamenepo amayesedwa wobadwanso. Dzinali limanena zimenezo: kukhalanso wa caka cimodzi.

Apa ndi pamene pagona mfundo yathu. Cithunzi ca funde cija, cimodzi mwa zithunzi 46 za phiri la Fuji zimene Nishimuraya Yohachi anayamba kusindikiza ca m'ma 1830, cili ndi siginecha yonena kuti Hokusai wasanduka Iitsu. Cotero nchito imene dziko limaiyesa cimake ca luso lake, mwini wake anaisaina ndi dzina la munthu amene, mwa kuwerenga kwake, anali mwana wa zaka khumi zokha.

4.0 Nchito za Ukalamba

Ukalamba wake sunali wa mtendere. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1820 anadwala sitiroko, mkazi wake anamwalira mu 1828, ngongole za mdzukulu wake zinamusaukitsa, ndipo mu 1839 moto unapsereza nyumba yake pamodzi ndi zojambula zambiri. Komabe mu 1834 anatenganso dzina lina, Gakyō Rōjin Manji, lomuchula nkhalamba yopenga ndi kujambula. M'mau otsekera buku la caka comweco lonena za phiri la Fuji, anapeputsa zonse zimene anajambula asanakwane zaka 70, nanena kuti pa zaka 73 ndi pamene anayamba kumvetsako kapangidwe ka mbalame, nyama, nsomba ndi zomera, ndi kuti ankayembekeza kuti pa zaka 110 kadontho kalikonse ndi mzere uliwonse zidzakhala zamoyo.

Ena amamva mauwa ngati kudzicepetsa kwa mwambo cabe. Ife tiona kuti zocita zake zitsutsa maganizo amenewo. M'zaka za 1842 ndi 1843 ankajambula mkango tsiku ndi tsiku, ngati mwana woyeseza kulemba. Pa zithunzi zake zotsiriza ankadinda cidindo ca nambala 100, zaka zimene ankalinga kufikako. Cofunika koposa ncakuti m'zaka khumi zomaliza anatsamira pa burashi. Cithunzi cosindikiza ndi nchito ya anthu anai: wojambula, wosema, wodinda ndi mwini malonda. Ca burashi cilibe mkhalapakati.

Tiyerekeze funde lochuka lija ndi mafunde awiri amene anapaka pa denga la ngolo ya cikondwerero m'tauni ya Obuse ca m'ma 1845, kumene ankalandiridwa ndi Takai Kōzan. M'cithunzi coyamba muli nthano: asodzi ali pangozi, phiri lili phee. Ku Obuse mulibe ngalawa, mulibe phiri, mulibe gombe, koma madzi okhaokha ozungulira amene amakokera diso pakati. Wacotsa zonse zosangalatsa ogula, watsala ndi funso limodzi la mmene madzi amayendera. Comweconso nyalugwe wa m'cipale cofewa wa mu 1849 saopsa konse. Ayenda mopepuka ngati woyandama, ndipo masamba olemedwa ndi cipale afanana ndi zikhadabo zake. Apa nyama ndi comera zamangidwa ndi mzere umodzi, monga mmene anafunira mu 1834.

Tiyenera kuvomereza cinthu cimodzi. Mwana wake wamkazi, Ōi, amene ankakhala naye, analinso katswiri wa burashi, ndipo ofufuza amatsutsana za kukula kwa gawo lake m'zithunzi zotsirizazi. Koma ngakhale dzanja la Ōi litapezeka m'zina mwa izo, cimene cisinthe ndi ciwerengero ca manja, osati njira imene nchitoyo inalowera.

5.0 Mau Otsiriza

Hokusai anamwalira pa 10 May 1849, ali ndi zaka 90 mwa kuwerenga kwa ku Japan. Zimanenedwa kuti ali pafupi kutsirizika anakhumba zaka zina khumi, kapena zisanu zokha, kuti akhale wojambula weniweni. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo mwambiwu ukhudza wojambula ndi womuweruza yemwe. Ife aphunzitsi a cilankhulo timazolowera kudziwa mlembi ndi buku limodzi lija la pa silabasi, nkumaganiza kuti tamumaliza. Moyo wa Hokusai utikumbutsa kuti nchito yochuka ingathe kukhala poyambira cabe m'maso mwa mwini wake, ndi kuti woweruza luso ayenera kumutsatira mmisiri mpaka pa dzina lake lotsiriza.