Chizindikiro Chakuda cha ku Chile: Kodi 23.7 Peresenti Ija Ikutanthauza Chiyani?

Nkhani yolemba machenjezo pa mapaketi a zakudya ikabuka, anthu sachedwa kutchula dziko la Chile. Kuyambira mu June 2016, chakudya kapena chakumwa cha m'paketi chimene chapitirira mlingo wa shuga, mchere, mafuta ena kapena ma calorie chimayenera kukhala ndi chizindikiro chakuda cha ngodya 8 kutsogolo kwa paketi. Mawu ake ndi ochepa, monga "ALTO EN AZÚCARES", kutanthauza kuti muli shuga wambiri.

Umboni umene umatchulidwa kwambiri ndi kafukufuku wa Lindsey Smith Taillie ndi anzake, amene anasindikizidwa m'magazini ya PLOS Medicine mu February 2020. Iwo anatsata zimene mabanja 2,383 ankagula kuyambira 2015 mpaka 2017, ndipo anapeza kuti kugula zakumwa zoyenera chenjezo kunatsika ndi 23.7 peresenti poyerekeza ndi zimene zikanachitika popanda lamuloli. Ntchitoyi inagwiridwa mosamala: ofufuzawo sanadalire zimene anthu akukumbukira kuti anamwa, koma zimene zinagulidwadi. Vuto lili pa mmene chiwerengerochi chimanenedwera.

Ambiri amati chizindikiro ndicho chinatsitsa malonda. Kafukufukuyu sangatsimikize zimenezo, ndipo eni ake anavomereza. Lamulo lomwelo linaletsanso kugulitsa zakudya zoterezi m'masukulu ndiponso kuzitsatsa kwa ana osakwana zaka 14, moti nyalugwe wojambulidwa pa mabokosi a Kellogg's anachotsedwa. Zonsezi zinayamba nthawi imodzi, choncho n'zosatheka kusiyanitsa mphamvu ya chizindikiro ndi ya zinazo.

Mfundo imene imaiwalika kwambiri ndi ya makampani. Pa gawo loyamba la lamuloli, chakumwa chinkalandira chenjezo ngati shuga wapitirira magalamu 6 pa mamililita 100. Kampani ikachepetsa shuga mpaka kufika pansi pa mlingowo, chakumwacho chimachoka m'gulu la zochenjezedwa. Mayi amene akugulabe botolo lomwelo sabata iliyonse, osayang'ana n'komwe paketi, amawerengedwa ngati wachepetsa kugula zakumwa zochenjezedwa. Kuchepa kwa shugako ndi phindu ndithu, koma wasintha ndi wopanga, osati wogula. Ndipo makampani ambiri anaika zotsekemeretsa zina m'malo mwa shuga, zimene bungwe la WHO linalangiza mu May 2023 kuti zisagwiritsidwe ntchito pofuna kuchepetsa kunenepa.

Pali chiwerengero china m'kafukufuku yemweyo chimene sichitchulidwa kawirikawiri. Ma calorie ochokera ku zakumwa zochenjezedwa anatsika ndi 11.9 pa munthu patsiku, koma ochokera ku zakumwa zopanda chenjezo anakwera ndi 5.7. Pa zakumwa zonse pamodzi, anatsika ndi 7.4 basi, osakwana theka la supuni yaing'ono ya shuga. Kwa dziko lonse zimenezi si zachabe, komabe sizikufanana ndi chithunzi chimene 23.7 peresenti imapereka. Kafukufukuyu sanayeze kunenepa kapena matenda a shuga, ndipo anawerengera zogula zobwera nazo kunyumba, m'mabanja a m'matauni.

Apa m'pamene ofuna kutengera njirayi ku Malawi ayenera kudekha. Chenjezo limafika pokhapo pamene pali paketi. Mandasi a pamsika, tchipisi cha pachiwaya ndi shuga wothira mu tiyi kunyumba zilibe poika chizindikiro. Peru inayamba kugwiritsa ntchito zizindikiro zofanana mu 2019 ndipo Mexico mu 2020, ndipo umboni wa ku Chile ukuikira kumbuyo lamulo lathunthu la mbali zitatu. Woyerekeza kutengapo chizindikiro chokha, n'kusiya za masukulu ndi za kutsatsa malonda, sangagwiritse ntchito 23.7 peresenti ija ngati lonjezo.