Zala khumi, mawu asanu: m'mene András Schiff amaimbira Bach pa piyano

Kuno ku Mangalande, mwana wanga wamkazi akukonzekera mayeso a piyano, ndipo aphunzitsi ake amupatsa kanyimbo ka Bach ka mawu awiri. Ndikaweruka ku naiti, maso ali gwaa ndi tulo, chomwe chimandilandira pakhomo ndi phokoso longa la taipi ya ku ofesi kwa a DC. Tsiku lina alamu anga atabwera kudzacheza anamvetsera pang'ono, nkuti, "Alamu, nyimbo za azunguzi zilibe mtima, bwanji osamuphunzitsa zakwathu?" Sindinawatsutse. Ndinangowaikira kanema wa András Schiff akuimba buku loyamba la Well-Tempered Clavier ku BBC Proms mu Sepitembala 2017. Usiku umenewo ku Royal Albert Hall ndinali komweko, pa tikiti yoimirira.

Bach anamaliza bukuli mu 1722. Muli ma prelude 24, iliyonse ndi fugue yake. Schiff anaimba zonsezo pamtima, osapumira, kwa maola pafupifupi awiri. Koma chomwe ndikufuna tikambirane si mutu wogwira wa bamboyu ayi. Ndi phazi lake lamanja.

Nkhani yake ili motere. Limba lotchuka m'masiku a Bach linali harpsichord, lomwe limakodola nsambo monga timachitira ndi bangwe. Udinize kiyi mwamphamvu kapena monyengerera, mawu ake sasintha kwenikweni. Piyano ya lero ili ndi tinyundo tomenya nsambo, ndiye imatha kunong'ona, imathanso kukuwa. Ilinso ndi chopondera chomwe chimasiya mawu akulirabe iwe utachotsa kale zala. Apa mpamene oimba ambiri amagwera. Ena poopa kulakwira Bach amamenya kiyi iliyonse mofanana, nkukhala taipi ija. Ena amaponda chopondera mosalekeza kuti nyimbo imveke yokhudza mtima, mapeto ake mawu onse amasakanikirana nkukhala phala.

Phala limeneli ndi loopsa chifukwa fugue si nyimbo ya mtsogoleri mmodzi. M'kwaya zathu za kutchalitchi sopulano ndiye amanyamula nyimbo, alito, tena ndi besi nkumayenda naye limodzi. Mu fugue mawu oyamba amayambitsa kanyimbo ali okha, achiwiri amalowa ndi kanyimbo komweko oyamba aja asanamalize zawo, achitatu chimodzimodzi, ndipo palibe wodikira mnzake. Chofanana nacho kwathu mwina ndi pamtondo, amayi awiri kapena atatu akamasinja, musi uliwonse kugwa pa nthawi yake. Kapena mangolongondo a Ayao, pomwe anthu awiri amakhala moyang'anana, wina nkumalowa m'mipata yomwe mnzake wasiya. Sindikuti ndi chinthu chimodzi, ndingakhale ndikunama. Ndikungoti khutu la Mmalawi linazolowera kale kutsata anthu angapo nthawi imodzi.

Schiff chopondera chija sachikhudza akamaimba Bach. Kulumikiza mawu konse amachita ndi zala. Mverani fugue yachinayi, ya C-sharp minor, yomwe ili ndi mawu asanu. Imayambira pansi, ku besi, ndi timawu tochepa tolemera ngati munthu wopita kumaliro. Enawo akamalowa mmodzimmodzi, Schiff sakweza amene ali pamwamba chifukwa choti ali pamwamba. Amapereka mpata kwa amene ali ndi chonena panthawiyo, kaya ndi tena wobisika pakati pa zala zazikulu ziwiri, anzakewo nkutsika pang'ono koma osasowa. Ife anamwino timazidziwa izi. Usiku m'wodi makina amalira pa bedi lililonse, ndipo ntchito yako ndi kumva lomwe likufuna iwe tsopano lino popanda kuiwala enawo. Dzanja limodzi kuimba mawu awiri kapena atatu, aliyense ndi kulemera kwake, ndi kumene kuli mtima womwe alamu anga ankaufunafuna.

Bach mwiniwake, m'mawu otsogolera ma Invention a 1723, omwe mwana wanga akulimbana nawowa, anati cholinga chachikulu nchakuti wophunzira afike poimbitsa limba ngati mawu a munthu. Ndiye amene amati Bach azimveka ngati makina akutsutsana ndi mwini nyimbo.

Komabe sindinganene kuti zonse zinali uchi wokhawokha. Royal Albert Hall ndi chinyumba cha anthu oposa 5,000, ndipo mawu amabwerera. Pomwe ndinaima ine, m'nyimbo zothamanga nyumbayo inkachita yokha ntchito ya chopondera chomwe Schiff anakana, mwakuti mawu apakati ankandisowa. Pa kanema zimamveka bwino kuposa m'mene ndinamvera komweko, eti. Chinanso, bamboyu ndi waulemu mopitirira nthawi zina. Pali malo omwe ndinkafuna besi igunde pansi ngati phazi la wovina, iye nkungodutsapo mwakachetechete ngati mlendo wosafuna kudzutsa eni nyumba. Pa zovina ndimakonda Angela Hewitt, mayi wa ku Canada yemwe anayamba mu 2016 kuimba nyimbo za Bach motsatizana ku Wigmore Hall. Iye chopondera amachigwiritsa ntchito pang'ono, ngati mchere m'ndiwo, ndipo nyimbo yake imakudzutsa pampando. Glenn Gould, yemwe anatchuka ndi Goldberg Variations mu 1955, amalekanitsa mawu bwino zedi, koma ine amanditopetsa. Amakhala ngati akuonetsa mafupa a nyimbo pa X-ray.

Fugue yomaliza m'bukuli, ya B minor, kanyimbo kake koyambira kamaponda mawu onse 12 a pa piyano, kakuyenda mopotoka ngati munthu wofunafuna njira mumdima. Schiff sanaithamangitse, sanaikometserenso. Atamaliza, chinamtindi chonse chija chinakhala zii kwa kanthawi manja asanayambe kuwomba, ndipo ine miyendo ndinali nditaiwala kuti ikupweteka.

Kanema atatha alamu anga anangoti, "Koma besi ija ndiye imayankhula." Ndinamuitana mwana uja nkumuuza kuti achotse phazi pachopondera, aimbe dzanja lamanja lokha pa piyano, lamanzerelo aliimbe pakamwa. Anakanika kawiri, nkuyamba kuseka. Kachitatu amalume akewo, omwe anaimbapo besi m'kwaya ya kwawo ku Ntcheu zaka zambiri, anasendera pafupi nkumulandira mawu apansiwo, ngakhale pepala la nyimbo sadziwa kuwerenga.