Mau Atatu a M'makina ndi Ng'oma za ku Machinga

M'caka ca 1982 kunaturuka makina awiri a kompyuta amene anthu wamba anatha kugula ndi kusunga m'nyumba zao. ZX Spectrum ya ku Britain inali ndi liu limodzi lokha, lowonda ngati la nkhululu. Commodore 64 ya ku America inali ndi kacipangizo kochedwa SID, kamene anakonza Bob Yannes, kotha kuturutsa mau atatu pa nthawi imodzi. Pofika 1985 Amiga inafikitsa mauwo pa anai, ndipo Atari ST inadza ndi polumikizira MIDI, kotero kuti kompyuta inayamba kulamulira kiyibodi.

Mau atatu ngocepa ndithu, pakuti nyimbo ifuna wotsogolera, ovomereza, liu lalikuru ndi ng'oma. Koma fodya wako ndiye ali pamphuno. Opeka nyimbo monga Rob Hubbard analumphitsa liu limodzi msangamsanga pa manoti atatu, kufikira khutu linanyengeka nkumva ngati onse alira pamodzi. Apa mpamene nyimbozi ziyenera kutamandidwa: kusowa kunabala luso. Nzeru yotereyi si yacilendo kwa Ayao a ku Machinga. Pa mangolongondo oimba akhala moyang'anizana, wina naomba m'mipata imene mnzace wasiya, ndipo womvera amamva nyimbo imene palibe mmodzi wa iwo aliimba yekha.

Ku Balaka, kumene kunali mbali ya boma la Machinga kufikira 1998, mau a makina analowa ndi kiyibodi ndi ng'oma zocita kuchera. Alleluya Band inayamba mu 1978 ndi cithandizo ca Bambo Mario Pacifici, ndipo m'zaka za m'ma 1990 nyumba yojambulira ya Imbirani Yahwe, m'manja mwa Paul Banda, inafalitsa mayimbidwe a ku Balaka m'dziko lonse. Ubwino wace ngwoonekeratu: mwana wa mmphawi, wopanda ndalama zolipira gulu la oimba, anatha kujambula nyimbo zace. Lucius Banda, amene anamwalira mu 2024, anakulira m'gulu la Alleluya lomwelo.

Komatu cirema ciripo, ndipo ncimodzimodzi ndi ca makina oyamba aja. Ng'oma yochera ilibe maso. Woomba ng'oma za manganje kapena za beni amayang'ana miyendo ya obvina. Akaona kuti gule wapsa afulumiza, akaona nkhalamba yalowa m'bwalo aidikira. Makina aomba mugudu womwewo kuyambira paciyambi kufikira pamapeto, ndipo wobvina ndiye asanduka kapolo wa ng'oma. Ncifukwa cace nyimbo zambiri zojambulidwa motero zifanana monga ana a mimba imodzi, ngakhale mau ace ali anzeru.

Tsono mphunzitsi wa ku Ntaja kapena ku Ulongwe asanyoze makina, ndiponso asawagwadire. Akapeza nyimbo ya Commodore 64 pa foni, aiimbire ana, nawafunse kuti awerenge mau amene akumva. Atatero agawe kalasi patatu, gulu liri lonse ndi kuomba kwace kwa m'manja, magulu nalowerana m'mipata. Pomaliza mwana mmodzi alowe pakati kubvina, oomba namtsata iye. Pamenepo ana adzazindikira okha cimene makina anaphunzira bwino, ndi cimene cinawakanika.