Chindapusa cha Credit Suisse chinachepa, ndipo chinalowera kolakwika

Mu 2013 ndi 2014, makampani atatu a boma la Mozambique, Ematum, ProIndicus ndi MAM, anakongola ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni a ku America. Ankati agulira maboti ophera nsomba za tuna ndi ena olondera m'nyanja ya mchere. Nduna ya zachuma ya nthawi imeneyo, a Manuel Chang, inasaina kuti boma lidzabweza ngongoleyi makampaniwo akadzalephera, nyumba ya malamulo isakudziwa. Gawo lalikulu la ndalamazi linadzera ku banki ya Credit Suisse, ndipo zina zinathera m'ziphuphu. Maboti a tuna aja anangochita dzimbiri pa doko la Maputo.

Chinsinsi chitaululika mu 2016, bungwe la IMF ndi maiko othandiza anaimika thandizo, ndalama ya metical inagwa mphamvu, ndipo mitengo ya zinthu inakwera m'dziko lonselo. Abale athu a tsidya lija la nyanja yathu, ku Metangula, nawonso anasenza katundu wa ngongole yomwe sanaionepo. Kafukufuku wa mabungwe a CIP ndi Chr. Michelsen Institute, wa mu 2021, anapeza kuti Mozambique inataya madola osachepera 11 biliyoni, ndipo anthu pafupifupi 2 miliyoni anagwa mu umphawi.

Mu Okutobala 2021, banki ya Credit Suisse inavomera kulipira chindapusa cha madola pafupifupi 475 miliyoni ku America ndi ku Britain, komanso kukhululukira Mozambique ngongole ya madola 200 miliyoni. Ndalamazi zikumveka zochuluka, koma tikaziphatikiza sizikufika n'komwe madola 7 pa madola 100 aliwonse amene dzikolo linataya. Chodandaulitsa china n'chakuti chindapusacho chinakalowa m'thumba la maboma a ku Washington ndi ku London, pamene wovulala anali mayi wogula mafuta ophikira ku Lichinga.

Ife a m'mbali mwa nyanja tikudziwa mmene chilango chimagwirira ntchito. Msodzi wokoka ndi masikito akamalipitsidwa ndalama yochepera nsomba zimene wapha tsiku limenelo, amalipira mosanyinyirika, mawa n'kubwereranso m'madzi. Amaleka pokhapokha komiti ya pa doko ikamulanda ukondewo. Kampani yaikulu imawerengeranso chimodzimodzi. Imaona phindu lomwe ilipeze lero, n'kuyerekeza ndi chindapusa chomwe mwina chidzabwera patapita zaka zisanu ndi zitatu, mabwana amene anavomereza ntchitoyo atalandira kale mabonasi awo. Chindapusa chotere chimangosanduka mtengo wogulira chilolezo cholakwa, ndipo olipira ake ndi eni masheya.

Alipo amene amati chindapusa chikakula kwambiri banki ikhoza kugwa, n'kugwetsa antchito ndi osunga ndalama osalakwa. Mfundoyi ili ndi nzeru, komatu ikutiphunzitsa kuti chilango chizilunjika kwa anthu amene anasaina. Pa mlanduwu zinachitikako pang'ono. Antchito atatu akale a bankiyi, Andrew Pearse, Surjan Singh ndi Detelina Subeva, anavomera mlandu ku New York mu 2019. A Chang, omwe anamangidwa ku South Africa mu Disembala 2018, anawapeza olakwa ku New York komweko mu 2024. Khoti la ku Maputo linagamula Ndambi Guebuza, mwana wa mtsogoleri wakale wa dzikolo, zaka 12 mu 2022. Akuluakulu a pamwamba pa bankiyi, omwe ntchito yawo inali kuyang'anira, palibe ndi mmodzi yemwe amene analowa m'ndende pa nkhaniyi.

Maganizo athu ndi akuti chindapusa chiziyezedwa ndi kukula kwa chiwonongeko, chizifika kwa amene anavulala, ndipo mabwana olekerera azibweza mabonasi ndi kuletsedwa ntchito ya banki. Nafenso kuno ku Malawi timabweza ngongole za boma ndi misonkho yathu. Tili ndi chifukwa chofunsa aphungu athu kuti ngongole iliyonse yasainidwa ndi ndani, ndipo zikadzavuta adzayankha ndani.