Dzanja lopeza mtsempha

Mwana wotsegula m'mimba akafika m'wodi madzi atamuthera m'thupi, mitsempha yake imabisala. Apa m'pamene luso la namwino limaonekera. Amamanga kamkono, kusisita kuseri kwa dzanja, n'kumafufuza ndi nsonga ya chala, chifukwa maso okha sakwanira. Singano ikalowa kamodzi kokha, mwana wapulumuka ku ululu wobayidwabayidwa, ndipo mtima wa mayi ake umakhala m'malo.

Diripu nayo ili ndi masamu ake. Pomwe palibe makina, namwino amawerenga madontho akuyang'ana wotchi. Botolo la mamililita 500 loyenera kutha m'maola 8, pachubu chotulutsa madontho 20 pa mililita, limafuna madontho pafupifupi 21 pa mphindi. Akathamangitsa madzi, mtima wofooka umalemedwa.

Ophunzira unamwino ku KUHeS, Nkhoma kapena Ekwendeni amalemba zimenezi m'kope, koma chala chimaphunzira m'wodi, usiku, pambali pa asisitala amene angoti, "Gwira apa, mwanawe, wawumva?" Pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, manja ophunzitsidwa chonchi ndi amene ankaika madiripu m'matenti, odwala atagona mizeremizere. Ndimawalemekeza kwambiri.